Khonde lolowera m'nyumba nthawi ya mvula: tiyambire pati kuti matope athere panja?

Mayi a ku Katoto:
Akuluakulu pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Nyumba yathu ilibe khonde, chitseko chimangotulukira pabwalo, pali sitepe imodzi basi. Mvula ikayamba matope ofiira aja amafika mpaka pabalaza, nsapato za ana zimaunjikana kuseri kwa chitseko, maambulera akudontha pansi. Tikufuna kumanga kakhonde kolowera mvula isanagwe. M'litali mwa khoma malo alipo mamita 3, kutsogolo mpata ulipo wambiri. Pakhomo tilipo anthu 6, atatu ndi ana asukulu. Tiyambire pati, ndipo tigule zipangizo zochuluka bwanji?

Mmisiri Chibavi:
Mayi, musayambe ndi shelefu ya nsapato ayi, yambani ndi madzi. Tulukani muyang'ane khoma limene pali chitsekolo. Mzere wofiira uli m'munsimo ukusonyeza pamene madzi a padenga amagwa n'kumwazikira kukhoma, ndipo pamene pamera ndere ndi mbali imene siuma. Khonde lanu liyenera kutchinga mbali imeneyoyo. Kuno ku Mzuzu mvula imachedwa kutha, April ndi May imakhala ikugwabe, kenako June ndi July kumabwera yowaza ija ndi chifunga. Ndiye khonde lomangidwa ngati la kumalo otentha, kumene chinthu chimauma pa ola limodzi, kuno limakhala chinyontho miyezi yambiri.

Kuchoka pakhoma kupita kutsogolo ikani mita 1.8. Mukachepetsa kufika mita 1.2, benchi ikakhalapo munthu sangadutse atanyamula dengu, komanso mvula yamphepo imanyowetsa khonde lonse mpaka pachitseko. Pansi pa khonde pakwere masentimita 15 kapena kuposa kuchokera padothi la pabwalo, koma patsike masentimita 3 mpaka 5 poyerekeza ndi pansi pa m'nyumba. Kakusiyana kameneka ndi kamene kamaletsa madzi kulowa kunsi kwa chitseko. Ndipo pansipo papendekeke cha kubwalo, sentimita imodzi ndi theka pa mita iliyonse, kutanthauza kuti kumapeto kwa khonde kutsike pafupifupi masentimita 3 poyerekeza ndi kukhoma. Amisiri ambiri amaika levulo kuti pakhale ndendende, akuganiza kuti ndiye ntchito yabwino, mapeto ake madzi amadikha pakati pa khonde.

Mayi a ku Katoto:
Zikomo bambo. Simenti ingalowe matumba angati?

Mmisiri Chibavi:
Tiwerengere limodzi. Mamita 3 kuchulukitsa ndi 1.8, konkire wokhuthala masentimita 10, ndi konkire wopitirira pang'ono theka la kiyubiki mita. Kasakanizidwe kake ndi thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50, wilibala imodzi ya mchenga wa kumtsinje, mawilibala awiri a miyala ya kwale, wilibala yodzaza mofanana ndi milomo yake, osati yaphiri. Pamenepo palowa matumba atatu ndi theka, mchenga mawilibala anayi, kwale mawilibala asanu ndi awiri. Pamwamba pake pamabwera pulasitala wa pansi wokhuthala masentimita awiri ndi theka, thumba limodzi pa wilibala imodzi ndi theka ya mchenga, ameneyo atenga thumba limodzi ndi theka. Gulani matumba 6 chifukwa pali sitepe. Ngati mukumanga kamaziko ka njerwa kuzungulira, onjezani limodzi.

Musanathire konkire chotsani dothi lonse lakuda la pamwamba limene lili ndi mizu, thiranimo zidutswa za njerwa kapena miyala, sinjani mpaka chosinjira chizidumpha, yalani mchenga pang'ono kuti miyala isabowole pepala, kenako pepala lakuda lapulasitiki lija. Pepalali anthu amalidumpha kuti asunge ndalama, koma ndi limene limaletsa chinyezi cha m'nthaka kukwera. Khonde lopanda pepala limakhala ndi mawanga akuda chaka chonse ndipo nsapato zoikidwa pansi zimachita chuku. Chinanso: konkire watsopano asagwirane ndi khoma lakale ngati chinthu chimodzi. Ikani kachidutswa ka softboard kapena katoni wokhuthala pakati, chifukwa khonde limakhazikika palokha, ndipo mukaligwirizanitsa mokakamiza limang'ambika mzere wokhotakhota pafupi ndi chitseko.

Achemwali a ku Chibanja:
Ine ndikufuna ndifunse za pamwamba pake. Matailosi sangakhale bwino? Amakolopeka msanga, ndipo dothi lofiira lija pasimenti wamba limalowerera, sulichotsa ngakhale ukhule ndi bulashi.

Mmisiri Chibavi:
Achemwali, matailosi onyezimira a m'nyumba aja pakhonde ayi. Akanyowa munthu wovala patapata amagwa chagada, ndipo pakhonde ndi pamene anthu amafika akuthamanga kuthawa mvula. Ngati ndi matailosi, funsani a panja okhakhala, pakatoni pamalembedwa R10 kapena R11. Ngati wogulitsa sakudziwa, thirani madzi pa tailosi limodzi mutsetsereze chikhatho. Mtundu wake ukhale wofiirira kapena wotuwa, ndipo zomatira m'mizere zikhale zakuda, zoyera zimasanduka zofiira mwezi usanathe. Red oxide wopaka polishi nayenso amaterera chimodzimodzi akanyowa. Chotsika mtengo ndiponso chotetezeka ndi simenti wosalazidwa ndi chopaka chathabwa, kenako n'kudutsapo tsache lolimba asanaume, mizere yake iloze kubwalo kuti madzi azitsata.

Achemwali a ku Chibanja:
Pamenepo sindikugwirizana nanu kwenikweni. Simenti wokhakhala amagwira matope m'timizere timeneto, wosesa ndi amene amavutika. Mopu imangothera pomwepo.

Mmisiri Chibavi:
Zoona, mopu sigwira ntchito pamenepo. Pamafunika ndowa ya madzi ndi tsache la panja, ndipo ndi chifukwa chake kupendekeka kuja kuli kofunika: mukathira madzi amatuluka okha ndi matope ake. Koma njira yapakati ilipo. Gawo la kukhoma, kumene kuli benchi ndi shelefu, musalaze ndi chopaka chachitsulo popeza mvula sifikako. Gawo la kutsogolo ndi masitepe zikhale zokhakhala.

Wowotcherera Zolozolo:
Matope akafika pakhonde ndiye kuti mwachedwa kale. Ayambe kuchoka kuphazi munthu asanakwere sitepe. Kutsogolo kwa sitepe yoyamba kumbani kadzenje ka masentimita 80 ndi 50, kuya masentimita 10 mpaka 15, kapakidwe simenti, ndipo pamwamba pake pakhale chopalira chachitsulo. Felemu yake ndi angle iron (chitsulo chopinda ngati L) ya mamilimita 30, mkati muwotcherere flat bar (chitsulo chonga lamba) ya mamilimita 25 yoimika chammbali, osati yogoneka, chifukwa m'mphepete mwake ndi mmene mumapala dothi kunsi kwa nsapato. Mpata pakati pa zitsulozo usapitirire masentimita awiri. Ukakula, chidendene cha nsapato za amayi chimakodwa ndipo zala za mwana woyenda wopanda nsapato zimalowamo. Zitsulozo zipingase njira imene munthu akuyendera.

Chopalirachi chizinyamuka kuti muzichotsa dothi ndi fosholo, koma mangani tcheni chachifupi kunsi kwake cholowa m'konkire, apo ayi ogula zitsulo zakale adzachiona. Kadzenjeko kakhale ndi paipi ya mamilimita 50 yotulutsira madzi kungalande. Popanda paipi kamasanduka kachithaphwi kobereka udzudzu pakhomo penipeni. Penti yake muyambe ndi red oxide ya zitsulo, kenako penti yamafuta kawiri, ndipo kunsi kupakidwenso, dzimbiri limayambira kumeneko.

Alendi ku Mchengautuwa:
Nanga chija chazitsekero za mabotolo chokhomera pathabwa? Ambiri kwathu kuno ndi chimene amagwiritsa ntchito.

Wowotcherera Zolozolo:
Chimapala bwino kwambiri chikakhala chatsopano, mano a zitsekerozo amalowa m'mizere ya nsapato. Vuto lake ndi dzimbiri, nyengo imodzi ya mvula zimadyeka, ndiye pamatsala timisomali tosongoka pamene ana amaponda opanda nsapato. Ngati pakhomo pali ana aang'ono, bola chopondera cholukidwa ndi malamba a matayala akale. Sichiwola, madzi amadutsa, ndipo mumangochigwedeza dothi n'kugwa.

Achemwali a ku Chibanja:
Zopondera zikhale ziwiri kuwonjezera pa chitsulocho. Chokhakhala pamwamba pa sitepe, ndi chansalu choyamwa madzi mkati mwa chitseko. Chamkaticho mukhale nazo ziwiri zosinthana, chifukwa nyengo ya chifunga chiguduli chochapa m'mawa chimafika madzulo chisanaume. Katoni musayale, imanyowa n'kumatirira pansi, ndipo mphemvu zimabisala kunsi kwake.

Koma mayi a ku Katoto, yang'ananinso njira yochokera pageti. Bwalo losesedwa mpaka kuyera lija ndi limene limabala matope ambiri. Yalani masilabu a konkire a masentimita 45 mbali zonse, kuchokera pakati pa limodzi kufika pakati pa linzake masentimita 60, ndiwo mulingo wa phazi la munthu akamayenda. Akwere pang'ono pamwamba pa dothi, ndipo m'mbali mudzale kapinga. Mamita atatu kapena anayi omaliza musanafike pakhonde ndi amene amathandiza kwambiri, munthu akamayenda pamenepo dothi lambiri limakhala litagwa kale.

Kalipentala Luwinga:
Ndilowepo pa denga, chifukwa pansi pabwino popanda denga labwino n'kutaya simenti. Denga lipitirire m'mphepete mwa khonde masentimita 60 kutsogolo, ndipo m'mbali osachepera 30, kuti masitepe ndi chopalira chija zisamakhale pamvula nthawi zonse. Kwa khonde la mita 1.8 ndiye malata a mamita 2.4 m'litali. M'lifupi mukufunika kufunda mamita 3.6. Lata la IBR, lija la mizere yamakona, limafunda mamilimita 686 likalumikizidwa ndi linzake, ndiye ndi malata 6. Tengani geji 28. Geji 32 ndi yopyapyala, pakhonde pamene mphepo imalowa kunsi imang'ambika pamisomali.

Kutsetsereka kwa denga: malata wamba amizere yozungulira amafuna kutsika masentimita 20 pa mita iliyonse, IBR imalola kuchepera pamenepo popeza ngalande zake ndi zakuya. Apa ndi pamene pamavuta pa nyumba zomangidwa kale. Ngati denga la nyumba latsika kwambiri, mukayamba la khonde kunsi kwake n'kutsetsereka, kutsogolo kumafika pamene munthu wamtali amagunda mutu. Yezani kaye. Kutsogolo kusatsike kupitirira mamita 2.1 kuchokera pansi pa khonde. Zikakanika, IBR ndiye yankho, kapena kusolola malata akumapeto a nyumba n'kulowetsa atsopano kunsi kwake.

Pamene denga lakhonde lakumana ndi khoma pamafunika kachidutswa ka lata kopinda kolowa m'khoma. Kumata simenti pamwamba pa malata sikuthandiza, lata limatanuka ndi dzuwa, simenti imasweka, madzi amatsika m'khoma mpaka pafelemu ya chitseko. Misomali ikhomedwe pamsana pa lata, osati m'ngalande. Ndipo mitanda imangidwe kunsanamira ndi waya wokhuthala kapena lamba wachitsulo. Denga la khonde silichoka chifukwa cholemedwa, limanyamulidwa ndi mphepo kuchokera pansi.

Mayi a ku Katoto:
Nsanamira zikhale zamtengo kapena zachitsulo? Bulugamu tili naye pafupi.

Kalipentala Luwinga:
Bulugamu ndi wolimba, koma asalowe m'dothi kapena m'konkire, amawolera pamzere umene wakumana ndi pansi ndipo chiswe chimakwerera mkati osaoneka. Mangani kachitsa ka konkire kokwera masentimita 15, mukhale chitsulo chotulukira, mtengo umangidwe pachitsulocho ndi mabawuti, pakhale kampata kuti madzi asakhale kunsi kwake. Bulugamu akhale wouma, wauwisi amang'ambika ndi kupotoka. Ndalama zikalola, paipi yachitsulo ya mamilimita 75 ilibe mavuto onsewa, bola kumwamba kwake kutsekedwe kuti madzi asalowe mkati.

Mmisiri Chibavi:
Powonjezera pa za denga, musaiwale gatala. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi ya madzi. Denga la khonde lanu ndi pafupifupi masikweya mita 9, ndipo ngati denga la nyumba likutsetserekera mbali yomweyo, mwina pakubweranso ena 30 kapena 40. Mvula ya mamilimita 20 yokha ndi malita pafupifupi 800 kapena kuposa akugwera pamene anthu amaponda. Diramu ya malita 200 imadzaza mvula isanafike pakati, choncho ikhale ndi paipi yotayira madzi osefukira kungalande, komanso chivindikiro chifukwa cha udzudzu ndi ana. Gatala apendekeke pafupifupi theka la sentimita pa mita, ndipo paipi yotsitsa ikhale kumapeto kotalikirana ndi masitepe. Ngalande ipite kumene madzi amapita kale, isaloze ku maziko a anzanu oyandikana nawo, milandu yambiri m'malokeshoni imayambira pamenepo.

Popeza mukuwonjezera denga panyumba mkati mwa mzinda, kafunseni ku khonsolo ya mzinda ngati pakufunika kuvomereza mapulani musanayambe, makamaka ngati khondelo likuyandikira malire a puloti kapena msewu.

Agogo a ku Masasa:
Ana inu musaiwale ife a maondo. Masitepe ena mumamanga ngati okwerera m'basi.

Mmisiri Chibavi:
Mwanena zoona agogo. Sitepe ikwere masentimita 15, isapitirire 17, ndipo popondapo pakhale masentimita 30 kuti phazi lonse likwane. Chofunika kwambiri n'chakuti onse akhale ofanana. Phazi limazolowera sitepe yoyamba, ndiye yachiwiri ikasiyana ndi masentimita awiri okha munthu amapunthwa, makamaka usiku. Masitepe akafika atatu ikani chogwirira pa masentimita 90. Ngati pakhomo pali woyenda panjinga ya olumala, kamtsetse kake ndi mita 1.2 m'litali pa masentimita 10 alionse okwera. Kachifupi kotsetsereka kwambiri ndi koopsa kuposa sitepe.

Kalipentala Luwinga:
Tsopano za mkati mwa khonde. Benchi ndi shelefu zikhale chinthu chimodzi, munthu akhale pansi povula, nsapato zilowe kunsi kwake pomwepo. Benchi ikwere masentimita 45, m'lifupi 35 mpaka 40, m'litali mita 1.2. Kunsi kwake mukwana mashelefu awiri. Nsapato za wamkulu zimatenga pafupifupi masentimita 22 m'lifupi pa peyala, ndiye shelefu imodzi imanyamula mapeyala asanu, awiri khumi, ndipo za ana zimakwana zochulukirapo. Kwa anthu 6 zimenezo ndi nsapato zoyendera tsiku ndi tsiku basi, za kutchalitchi zikhale kuchipinda.

Mashelefu asakhale a thabwa lathunthu. Khomani timatabwa ta masentimita 4 kapena 5 m'lifupi, mpata wa masentimita awiri pakati, kuti mphepo izidutsa ndipo dothi lizigwa. Shelefu ya pansi ikwere masentimita 10 kuti tsache lizilowa. Kumbuyo musatseke, ndipo benchi italikire khoma ndi zala zitatu. Kabati yotseka ya nsapato imaoneka bwino, koma kuno nsapato yachikopa yolowa yonyowa imatuluka yatuwa ndi chuku pasanathe sabata. Chipboard ndi MDF, matabwa aja opangidwa ndi tizidutswa ta mitengo tomatidwa ndi guluu, musayerekeze pakhonde, zimayamwa chinyezi n'kufufuma.

Paini wa ku Chikangawa akwanira ntchito imeneyi, koma akhale wouma. Thabwa lauwisi limalemera, limazizira mukaligwira, ndipo mukakhoma msomali pamatuluka madzi. Loterolo likauma limachepa, mfundo zonse zimagwedera. Paini chiswe chimamukonda, ndiye pakani mankhwala oteteza matabwa musanalumikize, makamaka kumapeto kumene mwadula, kenako vanishi wa panja katatu. Kumiyendo khomani zidutswa za tayala kuti mtengo usagunde simenti yonyowa. Gwiritsani masikuluwu ndi guluu wosalowa madzi, misomali yokha imasololoka benchi ikamakokedwa posesa.

Alendi ku Mchengautuwa:
Oilo wakale wa galimoto sangagwire ntchito m'malo mwa mankhwalawo? Ndi wosavuta kumupeza.

Kalipentala Luwinga:
Pabenchi ayi achimwene. Sauma, amadetsa yunifomu ya ana ndi zitenje, amanunkha, vanishi sagwira pamwamba pake, ndipo si chinthu choti khungu la mwana lizikhudza tsiku lililonse.

Achemwali a ku Chibanja:
Majombo asaikidwe pashelefu. Khomani timitengo ta masentimita 40 toimirira pathabwa, jombo livekedwe chozondoka. Limauma mkati, ndipo chule, chinkhanira kapena kanjoka sikapeza polowa. Ngakhale zili choncho ana aphunzitsidwe kugwedeza nsapato asanavale, nthawi ya mvula zokwawa zimafuna pouma.

Zokolekera zikhale mizere iwiri. Ya akulu pa masentimita 170, ya ana pa 110 kapena 120. Mwana akalephera kufikira, chikwama ndi jekete zimathera pansi, si mwano ayi, ndi kutalika kwa msomali. Pakati pa chokolekera ndi chinzake pakhale masentimita 20 kuti majasi a mvula asagundane, akagundana sauma. Musakhomere chilichonse pachokha m'khoma. Khomani kaye thabwa limodzi lalitali ndi mapulagi, zokolekera zimangidwe pathabwalo. Pulasitala wa nyumba zambiri ndi wamchenga wambiri, msomali umodzi wonyamula chikwama cha mabuku umazula chibuma. Jasi lonyowa lisapachikidwe pamwamba pa benchi, lidzadonthera pokhala ndi m'nsapato. Likhale mbali ina ya chitseko, kunsi kwake kukhale ndowa ya maambulera yokhala ndi miyala pang'ono pansi kuti nsonga zisamire m'madzi. Ndowayo ikhuthulidwe tsiku lililonse.

Nsapato zonyowa: chotsani kansalu ka mkati, masulani zingwe, pakiranimo nyuzipepala, musinthe ikanyowa. Musaziike pafupi ndi mbaula, guluu amasungunuka ndipo chikopa chimang'aluka. Dothi lofiira pansapato yansalu lisiyeni liume kaye, mulikhule ndi bulashi youma, kenako muchape. Mukalichapa lili lonyowa limalowerera m'nsalu.

Mayi a ku Katoto:
Nkhawa yanga ndi akuba. Nsapato zikagona pakhonde lotseguka, m'mawa tidzazipeza?

Wowotcherera Zolozolo:
Mangani khoma lofika mita imodzi, pamwamba pake zitsulo mpaka kudenga, ndi geti lachitsulo la loko. Mpata wa zitsulo usapitirire masentimita 10 kuti mutu wa mwana usalowe, ndipo shelefu ikhale patali ndi pamene mkono kapena ndodo ingafike. Mbali yoyandikana ndi benchi onjezani waya wa timabowo ting'onoting'ono. Kiyi wa geti akhale pamalo amodzi odziwika kwa aliyense m'nyumbamo, pafupi ndi chitseko chamkati. Moto ukabuka usiku si nthawi yofufuza kiyi m'matumba.

Alendi ku Mchengautuwa:
Bwanji osangotseka khonde lonse ndi magalasi? Kuzizira kwa June kungachepenso.

Mmisiri Chibavi:
Mukatseka konse mwapanga chipinda chosungira chinyezi. Zovala zonyowa za anthu 6 zimatulutsa madzi ambiri, ndipo m'mawa kukazizira madziwo amakhala pamagalasi ndi kunsi kwa malata n'kumadontha. Tsekani mbali imodzi yokha, imene mphepo ya mvula imachokera, khoma lathunthu mpaka kumwamba. Mbali zinazo zikhale za zitsulo kapena njerwa zamabowo. Ndipo popeza mwatchula kuzizira, ndinene mosabisa: pakhonde lotsekedwa musalowetse mbaula kuti muumitse zovala kapena muwothe. Makala amatulutsa mpweya wakupha wosaoneka, wosanunkha, ndipo umalowa m'nyumba kudzera kunsi kwa chitseko anthu ali mtulo.

Kalipentala Luwinga:
Chitseko chenichenicho tisachiiwale. Chikamakanika kutseka nthawi ya mvula, anthu amathamangira kuchipala kwambiri, ndiye October akafika pamatsala mpata woti chala chilowe. Chimene chimafufumitsa ndi m'mphepete mwa kunsi ndi kumwamba, mmene opaka penti safika. Chitsitseni pamahinjesi nthawi youma, pakani mbali zonse zisanu ndi imodzi. Kunja kwake, cha m'munsi, khomani kathabwa kopendekeka kokhala ndi kamzere kunsi, kuti madzi otsika pachitseko adonthere pakhonde osati kubwerera mkati. Chitseko chopanda kanthu mkati chija ndi cha kuchipinda, panja chimasupuka. Yang'ananinso kumene chimatsegukira: benchi ikhale mbali ya chogwirira, isakhale kumene chitseko chikafike.

Wamagetsi Chiputula:
Nyale ikhale ya panja, yotsekedwa, yolembedwa IP44 kapena kuposa. Chogwirira babu wamba chopachika pawaya chimalowa chinyezi, chimachita dzimbiri, mapeto ake chimathimitsa magetsi a nyumba yonse. Babu la LED la mawati 7 mpaka 9 likwanira. Sankhani lowala mwachikasu, loyera kwambiri limakoka tizilombo tochuluka. Musaliike pamwamba penipeni pa chitseko, usiku wa ngumbi zonse zidzalowa mukangotsegula. Liikeni cha kunsanamira ya kutsogolo kuti liunikire masitepe ndi nkhope ya amene wafika pageti. Swichi ikhale mkati mwa nyumba, waya adutse m'paipi yake, ndipo nsanamira ikakhala yachitsulo chotengera nyalecho chilumikizidwe ku waya wa earth. Magetsi akathima masitepe ndi amene amavulaza, ndiye kanyale ka sola koyaka kokha munthu akayandikira n'kothandiza. Koma kapanelo kake kakhale kunja kwa denga koloza kumpoto, kunsi kwa khonde sikadzaza, makamaka masiku a mitambo.

Alendi ku Mchengautuwa:
Zonsezi ndi za eni nyumba. Ife a lendi, amene sitingakumbe kapena kukhoma, titani?

Kalipentala Luwinga:
Zambiri zimatheka osakhudza khoma. Benchi ija ipangidwe ndi msana wa mita 1.7, zokolekera zikhale pamsanapo, mbali imodzi itulukire kupitirira pokhala kuti majasi asadonthere pabenchi. Miyendo yakumbuyo ikhale yotambalala pang'ono kuti isagwe mwana akakoka chikwama. Panja pa chitseko yalani kathandala ka timatabwa totalikirana, masentimita 90 ndi 60, kokwera masentimita 5 pamwamba pa miyala ya kwale. Mkati ikani thireyi yakale kapena beseni losaya la nsapato zonyowa. Masilabu a panjira amanyamuka, posamuka mumapita nawo. Za gatala kambiranani ndi eni nyumba, ndi khoma lawo limene likuwonongeka, ambiri amavomera kuchotsera palendi mukagwirizana musanagule.

Mayi a ku Katoto:
Yewo chomene nonse. Ndalama sizingakwane zonse nthawi imodzi. Chiyambe n'chiyani, ndipo konkire akathiridwa tidikire masiku angati tisanayambe kupondapo?

Mmisiri Chibavi:
Yambani ndi pansi pamodzi ndi zitsa za nsanamira, kadzenje ka chopalira ndi paipi yake zilowe tsiku lomwelo, chifukwa kuzibweretsa pambuyo ndi kuswa konkire. Kenako denga ndi gatala. Zitsulo, benchi ndi nyale zingadikire mwezi wina, pakadali pano nsapato zizilowa usiku m'beseni. Konkire akathiridwa mufundeni ndi pepala lapulasitiki kapena matumba onyowa, muzithirira m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7. Kuponda pang'ono mungayambe pakatha masiku awiri kapena atatu, poyala thabwa, koma matumba a chimanga ndi njinga yamoto zidikire sabata ziwiri, popeza simenti imafika mphamvu yake yonse pa masiku 28. Pamasiku amenewo gwiritsani ntchito chitseko cha kuseri. Pulasitala wa pamwamba ndi bwino apakidwe tsiku lotsatira konkire akadali wauwisi kuti zigwirane. Mukachedwa, khulani pamwamba, tsukani fumbi, pakani phala la simenti ndi madzi musanaike pulasitala, apo ayi adzamveka phwaphwa mukamaponda ndipo adzasupuka. Simenti muigule sabata yomwe mukuthira, isagone pansi, ikhale pamatabwa kutali ndi khoma. Thumba limene muli mibulu yosaphwanyika ndi zala mulibweze.